Impso ya Achimwene

"Ndati sapita! Mkazi wanga satuluka m'nyumba muno, ngakhale mubwere ndi apolisi."

Makaniko ananena zimenezi ataima pakhomo, dzanja lina litagwira chitseko, lina litagwira sipanala imene anaiwala kuisiya ku galaja. Patsogolo pake panaima mlamu wake, mwini sitolo ya zitsulo, bambo wa mimba yake amene anthu a mumsewuwo ankamutcha Mpulumutsi. Kumbuyo kwa Mpulumutsi kunali amayi ake, manja atapinda pachifuwa, ali ndwii.

Mkazi amene ankalimbiranayo anali mkati, atakhala pa makina ake osokera, phazi lili pachopondera koma osaponda. Anthu ankangomutcha Telala. Anali mlongo wake wa Mpulumutsi, ndipo m'mimba mwake munali impso ya mchimwene wakeyo.

"Alamu, tsitsani mawu," anatero Mpulumutsi. "Ine sindinabwere kwa inu, ndabwera kwa mlongo wanga. Mkazi wanga wagona, akutsokomola, thupi latentha. Wantchito wathawa dzulo. Amupatse madzi ndani? Amusinthire zofunda ndani? Ine nditseke sitolo?"

"Tsekani, inde. Mkaziyo ndi wanu."

"Mukumva zimenezo, amayi?"

"Ndikumva," anayankha amayiwo. "Makutu ndili nawo."

"Apongozi, musandimve molakwika," anatero Makaniko, akuyesa kudzigwira. "Akudwala kumeneko ndi kolona, nonse mukudziwa, n'chifukwa chake wantchito wathawa. Mkazi wangayu amamwa mankhwala m'mawa ndi madzulo kuti thupi lisakane impso ija. Mankhwala amenewo amagwetsa chitetezo cha m'thupi. Chimfine chimene inu mumachithamangitsa ndi tiyi, iyeyu chimamugoneka pabedi. Adokotala ananena inu muli pomwepo kuti asamapite pagulu, asamayandikire wodwala. Lero mukufuna akalowe m'chipinda cha wodwala kolona, akadzitsekere momwemo?"

"Impso ija," anabwereza Mpulumutsi, akupukusa mutu. "Mwamva mmene akuitchulira? Impso ija. Ngati anachita kuitola pamsewu."

Atatero anakweza malaya, n'kuonetsa chipsera cha opaleshoni m'nthiti mwake. Aliyense mumsewu umenewo ankachidziwa chipsera chimenecho kuposa nkhope ya mwini wake. Anachionetsapo ku ukwati, kumaliro, pamzere wa kubanki, ngakhale kwa anthu amene anangobwera kudzagula misomali. Dzina la Mpulumutsi anthu anamupatsa pomutama, kenako anayamba kumuitana nalo akutsinzinirana, koma mwini wake sanazindikire pamene zinasinthira.

"Taonani apa, alamu. Yandikirani, musachite manyazi. Mpeni unadutsa apa. Inu muli nacho chotere?"

"Achimwene," Telala anayankhula kwa nthawi yoyamba, motsitsa mawu. "Ine sindikukana. Ndiziphika konkuno, ndizichapa konkuno, bambowa azikasiya pakhomo panu. Alamu sagona ndi njala."

"Iwe, pamene unkafa muja, ine impso ndinachita kuituma pa munthu? Ndinaisiya pakhomo n'kuthawa? Ndinagona ndekha patebulo paja, anthu n'kunditumbula ngati mbuzi. Lero iwe ukuti uzindithandiza uli kutali?"

"Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mwana wanga," anatero amayi. "Mawa adzazima zako. Koma iwe zako anazima kale, watsala ndiwe."

"Ndipita ineyo," anatero Makaniko. "Ndikawasamala alamuwo mpaka achire. Thupi langa ndi lolimba."

"Kalanga ine! Mwamuna akasambitse mkazi wa mlamu wake? Manyazi munawasiya kuti, apongozi?" anatero amayi.

"Nanga inuyo, amayi? Si mpongozi wanu amene akudwalayo?"

"Ine ndine nkhalamba. Wailesi ikunena tsiku ndi tsiku kuti matendawa akutha okalamba. Mukufuna ndife kuti mupume?"

"Ndiye afe mwana wanuyu?"

"Afe ndi chiyani? Munthu ali ndi impso ya mwamuna wamphamvu m'mimba? Musamulodze ndi pakamwa."

Mpulumutsi anatsitsa malaya, n'kuwapisira bwinobwino. "Kupatsa n'kuika, alamu. Ine ndinaika. Inu pamenepa mukulongolola ngati munthu amene anachitapo kanthu. Paja inunso anakuyezani magazi, si choncho? Anapeza chiyani? Anakuuzani kuti pitani kunyumba, simungathandize. Mkazi amene mukumutchingira pakhomoyu, bwenzi pano udzu utamera pamanda ake pakanapanda ine."

Mawu amenewo ndi amene ankamugonjetsa Makaniko nthawi zonse. Zinali zoona: anafuna kupereka yake, koma magazi sanagwirizane. Sakanatha kulimbana ndi munthu amene anapulumutsa mkazi wake, ngakhale munthuyo anali woipa mtima. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Telala anadzuka, n'kuphimba makina ndi nsalu. Anatsegula kadirowa ka makinawo, anapungula mapiritsi ena m'botolo n'kuwakulunga m'kapepala, botolo n'kulibwezera momwemo.

"Bambo, patukani ndidutse," anauza mwamuna wake.

"Mayi, mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa. Ndikakana lero, mawu amenewa ndidzawamva mpaka tsitsi lidzayere. Ndatopa nako kuthokoza, bambo. Mwina ndikachita ichi adzati takwanirana."

Makaniko anapatuka. Anaima pakhomo akuwayang'ana atatuwo akutsika mumsewu, mkazi wake ali pakati, kachikwama kali kukhwapa.

Nyumba ya Mpulumutsi inali yaikulu, ya matailosi, koma chipinda cha wodwalayo chinali ndi zenera limodzi, ndipo mkazi wa Mpulumutsiyo sankalola kuti litsegulidwe, akuti mphepo ikumulowa m'mafupa. Telala analowa atavala masiki awiri amene anasoka yekha. Poyamba mlamuyo ankangomuyang'ana ndi diso la kumbali. Mphamvu zoyankhulira zitabwerako, anayamba.

"Ukundivalira chimenecho ngati walowa m'chimbudzi? Ndikununkha?"

"Ayi, alamu. Ndi malangizo a adokotala."

"Sindikukumva, ukungong'ung'udza. Chotsa, uyankhule ngati munthu. Amuna anga pokupatsa impso ananyansidwa nawe?"

Telala anachotsa. Ankabwezeretsa mlamuyo akagona, n'kuchotsanso akadzuka. Ankamutsamiritsa pachifuwa pake pomumwetsa phala, ankamupukuta thukuta, ankataya beseni la makhololo. Pogona ankayala pansi m'chipinda momwemo, chifukwa wodwalayo ankaopa kukhala yekha.

Mpulumutsi yekha anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo. Ankabwera masana, n'kuima panja patali ndi zenera, mpango uli pamphuno.

"Zili bwanji m'menemo?"

"Lero adyako, achimwene. Simulowa muwaone?"

"Iwe, ine ndili ndi impso imodzi. Sindingachite masewera ndi moyo wanga."

Telala anatsala pang'ono kuseka. Nayenso anali ndi imodzi yomweyo, koma anangobwerera ku beseni lake.

Patatha sabata ndi masiku angapo mlamu uja anadzuka, anasamba yekha, n'kuyamba kufunsa za nyama. Tsiku lomwelo Telala anadabwa kuti sopo sakumveka fungo. Mawa lake tiyi anali ngati madzi. Pokolopa pakhonde anapuma kangapo, atatsamira khoma, mpweya ukuvuta kukwera. Atayamba kutsokomola, mlamu wake anatseka chitseko cha chipinda chake n'kuimbira mwamuna wake. Mpulumutsi naye sanachedwe kuimbira ku galaja.

"Alamu, bwerani mudzatenge mkazi wanu. Akutsokomola, angatibwezere matenda m'nyumba."

Makaniko anamupeza atakhala pakhonde, kachikwama kali pamiyendo, zitseko zonse zili zotseka. Anamunyamula n'kumugoneka kumbuyo kwa galimoto ya kasitomala imene ankaikonza, ulendo wa kuchipatala.

Wodi ya odwala kolona inali kuseri kwa chipatala, itazunguliridwa ndi mpanda wa waya. Achibale sankaloledwa kulowa. Pageti panali tebulo losiyapo chakudya ndi zovala, mlonda ankazipopera mankhwala, ndipo namwino ankabwera kudzatenga. Masana dokotala ankatuluka kudzayankhula ndi achibale kudzera pa waya. Anali mayi wachitsikana, wowonda, maso atafiira ndi kutopa.

Tsiku limene anaitana achibale a Telala, Makaniko sanali yekha. Mpulumutsi ndi amayi ake anali atabwera, poopa kuti anthu anganene. Anaima chapatali, masiki ali kukamwa, mpaka anamva mawu oti impso. Pamenepo Mpulumutsi anasendera pafupi.

"Wodwala wanu ali ndi chibayo m'mapapo onse awiri," anatero dokotala. "Tamuika pa mpweya. Vuto lake ndi loti mankhwala amene amateteza impso ndi omwewonso amamanga manja asilikali a m'thupi. Ndiye tamusiyitsa mtundu umodzi, wamphamvu uja, ena tachepetsa, kuti thupi limenyane ndi matendawa."

"Nanga impso?" anafunsa Mpulumutsi.

"Ikhoza kupirira, ikhozanso kuvutika. Tiziiyang'anira tsiku lililonse. Ikalephera, kuli makina osefa magazi, munthu amakhala ndi moyo. Koma mapapo akalephera, palibe makina oti apite nawo kunyumba."

"Mwafunsa ndani?"

"Tafunsa wodwalayo, ndipo wavomera."

"Mwini impsoyo ndine. Ndaima pano."

Dokotala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo, munachita chinthu chachikulu, palibe angatsutse. Koma munapereka. Tsopano ndi yake." Atatero anapita kwa achibale ena amene ankamudikira.

Pansi pa mtengo wa panja pageti, Mpulumutsi anavula masiki kuti mawu atuluke bwino.

"Mwamva chipongwe chimenecho? Dokotala wamkulu uja, amene anatichita opaleshoni, anati chiyani? Amayi, munalipo. Alamu, munalipo. Anati mankhwalawa osadumpha ngakhale tsiku limodzi. Kaya kuli maliro, kaya kuli ukwati, kaya nyumba ikupsa, ayambe wamwa. Anabwereza mpaka tonse tinaloweza. Lero kamtsikana aka, kongotuluka kumene kusukulu, kakuti asiye?"

"Nthawi imeneyo kunalibe kolona, alamu," anatero Makaniko. "Adokotalawa akuona zimene ife sitikuziona."

"Akuona chiyani? Akuphunzirira ntchito pa thupi langa."

"Thupi lanu lili pano, lavala jekete. Limene lagona m'menemo ndi la mkazi wanga. Impso ife, iye akhale. Ndidzamubereka kumsana kupita naye ku makinawo mpaka ndidzakalambe."

"Mayo ine!" amayi anawomba m'manja. "Akuti ife! Chinthu chimene sunachivutikire n'chosavuta kutaya. Mwana wanga anakhetsa magazi, mpaka lero sanyamula thumba la simenti, inu mukuti ife? Ikafa imeneyo mudzaipeza kuti ina? Yanu ija anaikana."

"Apongozi, ana anu ndi awiri. Mmodzi akulephera kupuma."

"Musandiphunzitse kubereka."

Makaniko anachoka osatsanzika. Akanakhala wochenjera akanatsalira kuti amve zimene awiriwo ankanong'onezana, koma munthu wa mtima wosweka saganiza za ziwembu.

Mawa lake apongozi ake anafika ku galaja, nkhope itafewa, mawu ali ozizira. Anamupeza ali pansi pa galimoto.

"Apongozi, za dzulo zija tiiwale, tonse mitu yathu yatentha. Ndipatseni makiyi ndikamutengere mwana wanga zovala zotentha. M'chipatala mumazizira. Palinso tizovala tina timene mwamuna sangadziwe kusankha."

Makaniko anapukuta manja, n'kupereka makiyi. Anathokoza kumene, mumtima akuti magazi awakoka amayiwa.

Amayiwo atalowa m'nyumba sanayambire kuchipinda. Analunjika pa makina osokera, anatsegula kadirowa, n'kukhuthulira mapiritsi onse m'sokosi. Anaipinda pamodzi ndi inzake, n'kuiponya pansi pa thumba, pamwamba n'kuikapo juzi ndi mpango. Pageti mlonda anapopera thumbalo mankhwala, namwino n'kulitenga.

Madzulo ake foni ya Telala inalira. Anali atagona chafufumimba monga anamuuzira anamwino, chopumira chili kumaso. Anachikankhira pambali kuti ayankhe.

"Wawaona masokosi?" anafunsa Mpulumutsi, osayamba n'kumufunsa mmene waswerera.

"Ndawaona, achimwene."

"Ndiye imwa monga umamwera masiku onse. M'mawa ndi madzulo. Usawaonetse anamwino."

"Adokotala ati ndisiye kaye. Ati mpaka chifuwachi..." Mpweya unamuthera, anatsokomola.

"Adokotala anadulidwa pati? Iwe, tamvera. Ukasiya mankhwala thupi lako liyamba kuidya impso yanga. Ukufuna ndiziyenda mumsewu ndikudziwa kuti chiwalo changa chikuolera m'mimba mwako ine ndili moyo? Ndinakulakwira chiyani? Chifuwa chimapola, mlamu wako si uyu wapola? Koma impso ikafa yafa."

"Ndikuopa, achimwene."

"Ukuopa chifuwa, makina aja wawaiwala? Waiwala masingano aja? Waiwala mmene unkalirira ludzu, madzi akukuyezera pa kachitsekero ka botolo? Ukabwerera kumeneko usadzandiyang'ane. Ndatsala nayo imodzi, ndipo ndi yanga."

Kenako kunamveka mawu a amayi, akulira. "Mwana wanga, usamuchititse manyazi mchimwene wako. Anthu adzati anapatsa munthu wosasamala. Ukatuluka m'menemo utaiononga, udzamuyang'ana ndi maso ati? Chibale ndi fupa, sichiola, koma iwe usachithyole. Imwa, mayi. Ndichitire ine amene ndinakubereka. Amuna akowo usawauze, mutu wawo sukuyenda bwino masiku ano."

Foni itaduka, Telala anakhala nthawi akuyang'ana sokosiyo. Sanali wopusa. Anamva bwino zimene dokotala ananena, ndipo anazikhulupirira. Koma zaka zonsezi anali akuuzidwa kuti moyo umene ali nawo ndi wobwereka, mpaka nayenso anafika povomereza. Imfa ankaiopa, koma ankaopa kwambiri kutuluka pageti paja wamoyo, n'kupeza mchimwene wake ataima, malaya atakweza. Anayang'ana uku ndi uku. Namwino anali pa bedi la kumapeto. Anatulutsa mapiritsi, anaponya m'kamwa, n'kumwera madzi a m'botolo.

Masiku anatsatizana. Odwala ena amene analowa naye limodzi anayamba kukhala tsonga, ena anatuluka, ena anatulutsidwa ataphimbidwa. Telala ankangotsika. Dokotala akabwera pa waya ankaoneka wothedwa nzeru.

"Sindikumvetsa, bambo," anauza Makaniko. "Tinayembekezera kuti asilikali a m'thupi ayamba kuchuluka, koma akucheperachepera. Kutentha thupi sikukutsika. Tawonjezera mpweya."

"Nanga impso?" anafunsa Mpulumutsi, amene tsopano sankajomba.

"Impso ili bwino."

Mpulumutsi anagwedeza mutu, n'kuwaponyera diso amayi ake.

Makaniko ankamuimbira mkazi wake m'mawa uliwonse asanatsegule galaja. Poyamba ankacheza pang'ono. Ankamuuza za makasitomala amene akufunsa madiresi awo, iye n'kuyankha kuti awauze adikire. Kenako mayankho anafupika. Tsiku lina anangoti, "Bambo, mundikhululukire," ndipo atafunsa kuti pa chiyani, anangomva phokoso la mpweya.

Anazidziwa mwangozi. Batani la ovolosi yake linathothoka, ndiye anakhala pa mpando wa mkazi wake kufuna singano. Atatsegula kadirowa anaona botolo lija. Analinyamula, linali lopepuka. Analigwedeza, osamva kanthu. Botolo limenelo anakalitenga yekha kuchipatala mkazi wake asanapite kwa mchimwene wake, ndipo linali lodzaza; mkaziyo anangopungulako ochepa. M'nyumbamo munalowa munthu mmodzi yekha, apongozi ake.

Anathamanga osatseka chitseko. Pageti anagwedeza waya mpaka mlonda anamugwira.

"Itanani adokotala! Akayang'ane m'zovala zake! Akumwa mankhwala aja!"

Namwino anakafufuza. Anapeza sokosi ija m'kati mwa pilo, mutatsala timapiritsi towerengeka. Koma nthawi imeneyo Telala sankathanso kumeza kanthu. Anali atamusamutsira m'chipinda cha odwala kwambiri, makina ndi amene ankamupumira.

Mpulumutsi ndi amayi ake atafika masana, anamupeza Makaniko atakhala pansi, atatsamira mpanda, botolo lili m'manja. Anadzuka n'kuwaonetsa.

"Apongozi, ndinakupatsani makiyi a nyumba yanga."

"Ine ndinangotumidwa," anatero amayiwo, akuyang'ana kumbali.

"Musawaopseze amayi," anatero Mpulumutsi. "Ndinawatuma ndine, ndipo sindikupepesa. Simunamve dokotala wanu yemweyo akuti impso ili bwino? Mukuganiza kuti ili bwino chifukwa cha ndani? Mudzandithokoza akatuluka."

"Akapanda kutuluka?"

"Ndiye kuti ndi kolona. Ikupha anthu dziko lonse, mukufuna kuiika pamutu panga?"

"Anaitenga kuti kolonayo?"

"Alamu, samalani pakamwa. Pano ndi pagulu."

Makaniko anakweza dzanja, koma linathera m'mwamba. Ngakhale pamenepo, ndi mkwiyo wonsewo, china chake m'kati mwake chinkamukumbutsa kuti munthu uyu ndi amene anamupatsa zaka zimene anakhala ndi mkazi wake. Anadzida chifukwa cha kufooka kumeneko, ndipo anakhalanso pansi.

Telala anapirira masiku ena awiri. Tsiku lachitatu m'mawa dokotala sanabwere pa waya. Anatuma namwino kuti awalowetse m'kachipinda ka pafupi ndi geti, mmene munali benchi ndi mipando iwiri. Aliyense amene anakhalapo panja pa wodi imeneyo ankadziwa tanthauzo la kachipindako. Amayi anayamba kulira asanakhale n'komwe.

"Pepani," anatero dokotala. "Watisiya m'mawa uno. Tinayesetsa."

"Mwana wanga! Mwana wanga ine!" Amayi anadziponya pa benchi.

Makaniko sanalire. Anafunsa ndi mawu ouma, "Ndi mapiritsi aja, adokotala?"

"Sindinganene kuti ndi okhawo. Matendawa akutenga ngakhale anthu amene sanamwepo piritsi. Anthu oikidwa impso akagonekedwa nawo, ena timawataya ngakhale titachita zonse molondola. Koma ambiri amatuluka, bambo, ndipo mkazi wanu anali wachitsikana. Ife tinkamasula chingwe, wina akumanga. Ndi zokhazo zimene ndinganene."

M'chipindamo munangotsala kulira kwa amayi. Mpulumutsi anakhosomola pang'ono, n'kusendera kutsogolo pampando wake.

"Adokotala, funso limodzi. Impso ija inatani?"

Dokotala anayankha kuti, "Inagwira ntchito mpaka pomaliza. Analephera ndi mapapo."

Mpulumutsi anapuma mozama ngati watula katundu. "Mwamva, amayi? Alamu, mwamva nokha? Pasadzapezeke munthu wonena kuti ndinamupatsa chinthu choola. Yanga inalibe vuto." Anasisita m'nthiti. "Ndiye poti ndi yabwinobwino, adokotala, ndipo iye sakuifunanso, simungaichotse n'kundibwezera? Ndikhoza kugona lero lomwe."

Namwino amene anaima pakhomo anatembenukira kukhoma. Dokotala anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

"Sizitheka, bambo. Ipita naye."

"Ngakhale mutafulumira?"

"Sizitheka."

"Ndiye mukakwirira ndi yanga yomwe?" anafunsa Mpulumutsi. "Chinthu chamoyo, chopanda chilema? Ine nditsale ndi imodzi mpaka kufa, popanda chimene ndapindula?"

Pamenepo ndi pamene misozi yake inatuluka, kwa nthawi yoyamba chiyambire mlongo wake kudwala. Analira mokweza, atagwira m'nthiti ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Amayi atamva anasiya kulira kwawo. Anadzuka pa benchi, anapita pamene anakhala, n'kumukumbatira mutu.

"Pepa, mwana wanga, pepa. Wataya chachikulu. Tonthola, ungadwale."

Namwino anamupatsa Makaniko thumba la pulasitiki lomanga pakamwa, la zinthu za mkazi wake, n'kumuuza kuti asalitsegule msanga. Iye analandira ndi manja awiri, anathokoza dokotala, n'kutuluka. Pageti anaima pang'ono, kudikira kuti mwina wina amutsatira kuti akambirane za bokosi ndi galimoto. Palibe anatuluka. Kumbuyo kunkangomveka mawu a apongozi ake, akutonthoza mwana wawo wamoyo.